Tulo ta Kumanda

Simeon ankayendetsa chigayo cha dizilo pa pulazi ya fodya kufupi ndi Karoi, ndipo chigayocho chinkalirabe m'makutu mwake ngakhale atachizimitsa. Mutu unkamuwawa, tulo osabwera. Kenako anayamba kusowa Lamlungu lililonse masana, n'kumabwerako nkhope ili yosalala.

M'komboni anthu sanasangalale nazo. Chaka chimenecho aliyense anali ataonda ndi mantha, uku asilikali a boma, uku vakomana, anyamata a m'tchire omenyana ndi boma. Munthu wooneka bwino pa nkhondo ndiye kuti alipo akumudyetsa.

"Amapita kumanda," mayi wina ananena pa mpope. "Yekhayekha."

"Ndiye ndi mfiti," mnzake anayankha.

"Bola mfiti, asisi. Nanga akakhala mutengesi, akukumana ndi apolisi?"

Dzina la mutengesi, wogulitsa anzake kwa boma, likafika kwa vakomana, munthuyo sankaonekanso. Akuluakulu anagwirizana kuti asanamunenere Simeon, atume kaye Saturday, kapitawo wa m'shedi yosankhira fodya, akaone. Saturday anavomera msanga. Nayenso sankagona chichokere mwana wake kupita kunkhondo, ndipo munthu wosagona amakhumudwa akaona mnzake akupuma.

Lamlungu anamutsatira n'kubisala kuseri kwa chulu. Simeon anakhala pansi pa mtengo m'mphepete mwa manda, anavula nsapato, natsinzina. Basi.

Njiwa inalira. Chizindikiro chimenecho, anatero Saturday mumtima. Ina inayankha kutsidya kwa khwawa. Ndiye alipo awiri. Udzu unachita phokoso, iye n'kugwira mpweya, koma inali mphepo. Anamvetsera madzi akutsika pamiyala, kuti mwina akubisa mapazi a munthu. Anamvetsera ndithu, mpaka mapewa anamasuka, nsagwada n'kulekana.

"Achimwene, dzukani. Nyerere zikulowani m'malaya."

Dzuwa linali litapendeka. Simeon anaima pambali pake, nsapato zili kumapazi.

"Mkonono wanu wandithamangitsira mbalame," anatero. "Mlungu wamawa mudzasankhe chulu chakutali."

"Mwakumana ndi ndani?" Saturday anafunsa, akupukuta dovu.

"Ine ndimabwera kudzamva chete. Kuno chigayo chimazima m'mutu."

"Ndafunsa kuti mwakumana ndi ndani."

"Amene anatumidwa kudzaona ndinu, achimwene. Mwaona ndani?"

Anabwerera aliyense njira yake. Saturday ankayenda thupi lili pepuu, mutu uli mbee, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa. Pa nthawi imene anagonayo gulu lonse la apolisi likanatha kufika, kumwa tiyi n'kubwerera. Kunena kuti Simeon ndi wosalakwa sakanatha. Kunena kuti ndi mutengesi kunali kupha munthu, ndiponso kudzitsekera njira ya kumanda kumene anapezako tulo.

Akuluakulu ankamudikira kuseri kwa shedi.

"Mwapeza chiyani, a kapitawo?"

"Munthu uja ndi wochenjera kwambiri," Saturday anayankha. "Musauze aliyense kaye. Ndiyenera kumutsatiranso Lamlungu likubwerali."

"Tikupatseni wina wokuthandizani?"

"Ayi. Anthu awiri amachita phokoso."