Liwombo la Dingani

Chichokere m'mawa, Elina sanakhale pansi. Ankalowa m'nyumba, kutuluka, kumasula mwana kumbuyo, kumuikanso chala paliwombo. Linkagunda ngati kamtima ka mpheta. Mtsempha wa pamkono pa Elina ukagunda kamodzi, liwombo la mwana wake Dingani linali litagunda kale kawiri.

Mwamuna wake Whyson anagwa m'mwezi wa Meyi kusiteshoni ya sitima, thumba la chimanga lili paphewa. Kuchipatala cha anthu akuda anamukulunga lamba pamkono, kupopa, n'kunena kuti magazi achuluka mphamvu, aphulitsa mtsempha m'mutu. Sanadzukenso. Tsono onani mwana wa miyezi isanu, magazi akudumpha pamutu ngati akufuna potulukira.

"Ni matenda ya batate bake," anatero Maud, mchemwali wa malemuyo. "Masana nizabwela na lezala na nyanga. Timucheke mphini, tichose magazi yoipa."

"Mwana mung'ono chonchi, ba mulamu?"

"Ufuna tikumbe manda yabili chaka chimozi?"

Kukiliniki ofika dzuwa litatuluka ankawabweza. Elina anabereka mwana, kunyamula debe losafunika kudzaza, ulendo wa kumpopi. Komboni ya Matero masiku amenewo inali ndi mpopi umodzi pa mzere wonse wa nyumba, boma la Chitaganya n'kumati chimenecho ndi chitukuko. Koma pamzere pamenepo panalibe mlendo, ndipo mwana wa mnzako unkamugwira osapempha.

Patsogolo pake panali Eneless, atabereka khanda lonenepa ngati dzungu. Elina analiika chala pamutu.

"Iwe Elina, ufuna chani pamutu pa mwana wanga? Ni tomato ya pamsika?"

"Nibwelekeni chabe."

Liwombo la khandalo linkagunda chimodzimodzi ndi la Dingani. Anagwira khanda lina, liwiro lomwelo. Anakoka mkono wa kamtsikana kogweluka mano: unkagunda mofulumira ndithu, koma osafika pa makanda aja. Wa namwali wina unkayenda limodzi ndi wake. Anabwereza onse, milomo ikuwerenga, debe litaiwalika m'matope.

"Bwelani muone ba dokota ba pampopi!" anakuwa Eneless, natambasula mkono. "Nigwileni na ine, mwina muzapeza chamene bamuna banga samagonela panyumba pa Chisanu."

Azimayi anafa nacho chiseko. Elina anali atathamanga kale.

Anapeza Maud atakhala pakhomo, lezala ndi nyanga zili m'mbale, chitambala atachimanga zolimba pachipumi monga ankachitira mutu ukamuwawa.

"Bana bonse ba mu Matero bali chonchi," anatero Elina, akupuma mwawefuwefu. "Mwana akamakula, mtima uchepesa liwilo. Muzacheka bonse?"

"Wabwela kuniphunzisa? Nabala bana seveni ine."

"Munabagwilapo pamutu? Nipatseni kwanja yanu."

Elina anamugwira mkono, kufuna kungomuonetsa kusiyana kwa mtsempha wa munthu wamkulu ndi wa khanda. Koma mtsempha wa Maud unamudabwitsa. Sunkafulumira ayi. Unali wolimba ngati chingwe choyanikira zovala, ukumenya chala pang'onopang'ono, molemera. Elina anakumbukira mkono wa Whyson, umene ankautsamira Lamulungu masana. Nawo unkamenya chonchi, iye n'kumati ndi mphamvu za mwamuna wonyamula matumba.

Sanasiye mkono wa Maud.

"Mutu unayamba liti, ba mulamu?"

Maud anayang'ana kumbali. "Ni zuba chabe."

Elina anakankha mbale ija ndi phazi mpaka inalowa pansi pa benchi.

"Mailo kukacha tilawila kukiliniki. Dingani azangotipelekeza."