Kamzere Kofiira pa Tsaya la Malemu

Ntchito yanga ku Tsakane, kuno ku Joni, ndi yokonza zithunzi pa kompyuta, mu kontena ya pafupi ndi renki ya matekisi. Amalawi anzanga amandikonda kwabasi, makamaka akakhala ndi choti abise.

Lachiwiri kunabwera a Martin. Achimwene awo, a Justus, omwe ankayendetsa fokolifiti ku Spartan, anali atamwalira, ndipo pankafunika chithunzi choika pa pulogalamu ya maliro. Chooneka bwino chinali chimodzi chokha: malemu akumwetulira, tsaya litagundana ndi la mayi wina wa ku Duduza wovala duku lofiira. Tsoka lake, mkazi wa ukwati, a Maness, anali kale m'basi kuchokera ku Ntcheu kudzatenga thupi.

"Sisi Ida, mayiyu achoke. Alamu asaone kanthu, please. Achimwene apite ndi ulemu wawo."

Ulemu womwe eni ake anautaya ali moyo, ndikautole ine ndi mausi. Chabwino.

Ndinadula nkhope ya malemu. M'mphepete munatuluka mano ngati a sowo, poti chithunzi cha pa kompyuta ndi timabokosi ting'onoting'ono, ndipo timabokosi sitidziwa kukhota.

"Hayibo!" anatero a Martin. "Akuonekatu ngati adyedwa ndi makoswe."

Ndinawauza kuti lilipo batani losalaza. Limatenga mtundu wa mkati mwa mzere ndi wa kunja kwake n'kusakaniza, kuti diso lisaone manowo. Koma kunja kwa tsaya limenelo kunali duku.

"Salazani basi."

Ndinasalaza. Nkhope inatuluka bwinobwino, kungoti m'mbali mwa tsaya munatsala kamzere kofiirira. A Martin anati mkazi wolira sangaone zimenezo. Poti amuna ndiwo amadziwa bwino za akazi, ine ndinangosindikiza mapepalawo.

Lachinayi anabwera ndi a Maness kudzatenga mapepala. Mayiwo, maso ali otupa, anayang'anitsitsa pepala limodzi kwa nthawi yaitali, kenako analoza kompyuta.

"Takulitsani apa, achemwali."

Ndinakulitsa. Timabokosi tofiira tinandanda pa tsaya, tonse poyera. A Martin anayamba kufotokoza kuti inki ya ku Joni ndi yachabechabe masiku ano, ngakhale pa kompyuta panalibe inki.

"Alamu, khalani chete," anatero a Maness. "Duku limeneli ndinagula ndine pa Lizulu, n'kumutumizira mayiyo pa basi chaka chatha. Pamene bambowa ankadziipitsira pogona, wowasambitsa anali iyeyo. Ine ndinali kumunda. Nanga inu munali kuti?"

A Martin anayang'ana nsapato zawo. Manyazi anandigwira inenso, poti dzanja langa linali likadali pa mausi.

"Mubwezereni pachithunzipo," anatero mayiwo. "Ndipo fulumirani. Ali panjapo padzuwa, wandinyamulira chikwama."