Zimene filimu inadula

Aphunzitsi sankafuna n'komwe kukaonera filimuyo. Anawakakamiza ndi mwana wawo, nesi uja wa pakamwa posatseka, amene anabwera ndi matikiti atatu n'kuwaika patebulo ngati mankhwala oti munthu amwe, afune asafune.

"Amayi, ndi buku lanu lija la Agiriki aliika pa kanema. Munaliphunzitsa mpaka kumera nalo imvi. Mukana bwanji?"

Tikiti yachitatu inali ya bambo ake a nesiyo, ndipo chilonda chinali pamenepo. Bamboyo anachoka mwana akuyamba kumene sukulu, ati akukawotcherera zitsulo m'masitima apanyanja. Poyamba ankatumiza mawu, kenaka mawu anachepa, kenaka zii. Ndiye mwezi wathawu, tulukiru! Chikwama chimodzi, chifuwa chosatha, mutu uli mbuu. Aphunzitsi anawayalira pa sofa pabalaza n'kuwauza kuti Lamlungu apite kwa mng'ono wawo. Tsikuli linali Loweruka, ndipo chikwama chinali kale kuseri kwa chitseko, chomangamanga.

M'holo ya kanema nesi anawakhazika moyandikana, iye n'kukhala kumapeto, akudziona ngati wochenjera.

Nkhani yake Aphunzitsi ankaidziwa ngati chikhatho chawo: ndakatulo yaitali yamakedzana, ya mwamuna amene anapita kunkhondo, nkhondo n'kutha, iye n'kumangozungulira panyanja zaka ndi zaka mkazi akudikira. Anabwera atanola kale lilime, koma tinene zoona, zina anazikonda. Mafunde aja ankavutika kuwajambula ndi choko pa bolodi, lero anali kuwagwera pamaso mpaka anagwira mpando. Mwamuna wa mufilimuyo ndiye anawaseketsa chamumtima: munthu wasweka nayo sitima, wagona ndi njala, koma mano ali mbee, tsitsi lopesa. Amuna awo anatsokomola n'kunong'ona kuti chingwe chomanga chotero sichingagwire sitima ngakhale pa dziwe. Aphunzitsi anachita ngati sanamve.

Kenaka mathero. Mwamuna uja analowa m'nyumba, mkazi anangomuona n'kutaya zonse zinali m'manja, liwiro kukamugwera pachifuwa. Nyimbo inakwera. Nesi anasuzumira makolo ake, misozi ili chuchuchu.

"Bodza!" anatero Aphunzitsi, ndi mawu aja ankafika nawo kumbuyo kwa kalasi.

Holo yonse inacheuka.

Panja dzuwa linali likadalipo. Ali poimira basi, nesi anayamba.

"Amayi, mwandichititsa manyazi. Mumafuna atani mkaziyo, amuthire madzi?"

"Iwe unkagona m'kalasi mwanga, ndadziwa lero. Ukanawerenga bukulo sukananditengera kuno."

"M'bukumo mkaziyo sanathamange," anatero bambo aja, maso ali pansi. "Anakhala mbali ina ya chipinda n'kumangomuyang'ana. Mpaka mwana wawo anakwiya."

Aphunzitsi anatembenuka. Chibwerereni, aka kanali koyamba kuwayang'ana kumaso.

"Mwazidziwa kuti inu zimenezo?"

"Munkawerenga mokweza pokonzekera phunziro, ine ndikukonza njinga pakhonde. Pamenepo munkapabwereza kawirikawiri. Kenaka mkaziyo anamuyesa mwamunayo, kuti aone ngati ndi yemwe uja." Anadzutsa maso. "Ndiyeseni nanenso, mayi a mwana."

Mtima wa Aphunzitsi unagunda, ndipo anakwiya nawo mtimawo. Anagwira dzanja la nesi n'kupinda malaya mpaka m'chigongono. Panali chipsera chachikulu, chonyezimira, chakalekale.

"Ichi anachipeza bwanji mwana wanuyu?"

Bamboyo anachiyang'ana nthawi yaitali. Akanatha kungolota kuti moto, kapena njinga. Sanatero.

"Sindikudziwa."

"Mwalephera."

"Ndalephera."

Anakwera basi. Nesi ankangoyang'ana pawindo, atadziwa kuti mankhwala ake awonjezera matenda. Atafika kunyumba bambo aja sanakhale n'komwe pansi. Anapita kuseri kwa chitseko n'kunyamula chikwama.

"Ndingopita lero lomwe. Mawa ndi lero n'chimodzimodzi."

Aphunzitsi anaima pakati pa balaza, nsapato zikadali kuphazi. Anaganiza kuti apepukidwa, koma ayi, chinawagwira ndi mantha. Filimu ija sinangonama pa liwiro lokha. Inadulanso china, chimene iwo ankachikonda kuposa mafunde ndi nkhondo zonse. M'bukumo, awiriwo atazindikirana, anakhala pansi, ndipo woyamba kulankhula anali mkazi. Anafotokoza zonse zimene anaziona m'nyumba muja, mwamuna ali chete. Opanga filimu anaikapo nyimbo pamenepo, poti ndani angakhale pampando kumvera mayi akudandaula? Koma Aphunzitsi zimenezo ndi zimene ankafuna. Sankafuna kukumbatiridwa, ndipo anazindikira tsopano kuti sankafunanso kuti munthuyu apite. Akapita, zaka zonse zija akaziuza ndani? Mwana anali nazo kale zake. Anzawo akuntchito anazimva mpaka kutopa nazo. Mwini wake wa nkhaniyo anali uyu, wagwira chikwamayu.

"Ikani pansi chimenecho."

Bamboyo anazengereza.

"Musaganize kuti ndakukhululukirani, ayi. Za mawa tiona mawa. Khalani apo. Ndilankhula ine, inu mumva, ndipo osandidula."

"Ndi yaitali?" anafunsa, akuyesa kumwetulira.

"Ya Agiriki ija njaifupi."

Nesi ananyamuka kuti awapatse malo, koma mayi ake anamukoka n'kumukhazika pambali pawo, dzanja lija lili poyera.

"Tiyambire pomwe mwalepherapo. Munali mutasiya kale kutumiza mawu. Ine ndinkamunamiza mwanayu kuti mubwera sabata yamawa, sabata iliyonse. Tsiku lina m'mawa ndinali nditangophula ketulo ya madzi osamba, ndaika pansi. Wina anagogoda pachitseko, katatu, monga munkagogodera inu. Mwana anadzuka pomwe anali, akukuwa kuti ababa, ababa, n'kuthamanga ngati mkazi wa mufilimu uja. Ketulo sanaione."

Nesi anaweramitsa mutu. Bamboyo anafunsa motsitsa mawu.

"Anali ndani?"

"Wowerenga mita ya madzi."

Bamboyo anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Aphunzitsi anawamvera chisoni, chisoni chenicheni, koma sanawasiye. Anavula nsapato zawo, n'kuzikankhira pansi pa tebulo, n'kukhala bwinobwino.

"Chotsani manja kumaso, bambo a mwana. Ndangoyamba kumene."