Poterera Osathira Phulusa

A Nangozo analota masana, atatsamira nkhokwe, tsiku loti mdzukulu wawo Ndaziona akwere basi kupita kusukulu ya kutauni. Maloto a masana si oseka nawo, ana inu.

Anali m'chipinda cha mayeso a fizikisi, ija mwanayo ankaiwerenga mokweza pakhonde mpaka nkhuku kuthawa. Pansi ponse panali potayikira therere. Mipando inkayenda yokha, kugunda khoma, kubwerera, osaima. Kutsogolo kunaima Esinati, mayi wake wa Ndaziona, amene anamwalira mwana ali wakhanda, choko chili m'manja.

"Amayi, weramani," anatero Esinati. "Funso la lero ndinu."

Anawerama. Msana unauma, n'kukhala thabwa losalala, lopendekeka ngati denga. Pamwamba pake panakhala njerwa, ndipo njerwayo inali Ndaziona.

"Agogo, musagwedezeke, ndikuwerengera."

A Nangozo anati amubereke. Anamanga chitenje pachifuwa, mfundo inamasuka yokha. Anamanganso, chimodzimodzi. Sanadabwe. Anatapa phulusa m'thumba, poti poterera timathira phulusa, ngakhale mwana amadziwa.

"Phulusa ayi, amayi," anatero Esinati. "Funso lati tiyerekeze kuti palibe chogwira."

"Nanga akagwa?"

"Sagwa, atsetsereka. Kugwa ndi funso lina."

"Walemba funsolo ali ndi ana?"



Njerwa inayamba kutsika kulunjika kukhomo, kumene basi inaima, injini ikulira. Apo a Nangozo anaona kuti iwo akubwerera cham'mbuyo, phazi osanyamula. Kumbuyoko kunali munda wa chinangwa, kupitirira apo msitu wa kumanda.

"Ukundikankha, mwana iwe."

"Nanunso mukundikankha, agogo, mofanana. Kungoti inu ndinu olemera, muyenda pang'ono. Ine ndipita kutali."

Esinati anagwada n'kulemba kadontho ka choko pansi, pakati pa awiriwo.

"Mutalikirane bwanji, apa sipasuntha," anatero. "Yankho ndi lomweli."

A Nangozo anakayang'ana kadonthoko. Mtima unali ngati mwendo wochita dzanzi: ukuuona, ndi wako, koma suumva. Msana unangopepukirapepukira, mpaka unatsala wopanda kanthu.

Anadzidzimuka dzuwa litapendeka. Ndaziona anaima patsogolo pawo, chikwama pamutu.

"Agogo, mpaka malovu! Basi ija yafika. Lero simundilangiza?"

Malangizo anali tho m'kamwa: za anyamata a njinga zamoto, za madzi a m'tauni, za kuwoloka msewu, za kudya kwa eni. Anafumbatula dzanja, munali phulusa. Anayang'ana mapazi a mwanayo nthawi yaitali, kenako anapukutira dzanjalo pachitenje.

"Pita," anatero. "Koma uzikankha pang'onopang'ono, ndakalamba."