Mpata wa Elliam

Anastasia anali kuzira m'nyumba, manja ali matope okhaokha, pamene a Lukiya, oyandikana nawo, anaima pakhomo kunena kuti nguluwe zija zapezeka. Zinali zitagona m'mabango kumunsi kwa dimba, ndipo amuna a kuno ku Kalembo anali atatsikirako kale. Anastasia anapukuta manja, nachita chizindikiro cha mtanda. Chimanga cha m'dimbamo ndi chokhacho chimene chinapulumuka ku ng'amba. Nguluwe zikanalowamonso, banja lake ndi la a Lukiya akanagwa m'njala.

Anapeza mwamuna wake Elliam akuimika anthu pamzere, pakati pa mabango ndi chimanga. Ali ku nkhondo ku Burma, Elliam adaonerera asilikali a ku Amerika akusewera mpira wooneka ngati dzira. Chimene chidamugwira mtima sanali othamanga ndi mpirawo, koma aja owerama kutsogolo otchinga njira. Ankati pakati pamaima chimunthu chosakankhika, kumapeto kumaima opepuka obweza wothamanga kuti alowe mkati, ndipo aliyense amasunga mpata wake. Anthu ankamuseka kuti adapita kunkhondo koma adabwerako ndi masewera. Tsiku limeneli palibe anaseka.

Che Sufiyani, amuna awo a Lukiya, anapempha chinthu chimodzi: iwo ndi Msilamu, nkhumba sagwira. Elliam anawaika kumapeto, moyandikana naye, kuti azingoomba debe nyama ibwerere kumene kuli mikondo. Anastasia anawaona akuvula nsapato zawo ndi kumupatsa Elliam, poti pamene anaima iye panali minga.

"Mpata wako ndi wako, wa mnzako usauone," anatero Elliam komaliza.

Agalu analowa. Kwa kanthawi kunangomveka mabango akuthyoka. Anastasia ndi a Lukiya anagwirana manja pachulu, aliyense akupemphera chamumtima m'njira yake. Kenaka nguluwe yaikazi inavumbuluka kulunjika pakati. Amuna a pamenepo anaima nji, koma Elliam ataona mkondo woyamba ukuphonya, analephera kuugwira mtima. Anathamangira komweko.

Anastasia ndiye anayamba kuiona yamphongo. Inatuluka mwakachetechete, mutu uli pansi, kulowera pamene Elliam anasiya. Che Sufiyani anayang'ana debe, anayang'ana chimanga, ndipo debelo analiponya pansi. Anaigwera nyamayo ndi manja awo, naikakamira miyendo yakumbuyo, ikuwakhwekhwereza m'matope ndi kuwatembenukira ndi mano, mpaka mikondo inafika.

Chimanga sichinathyoke ngakhale phesi limodzi, koma ntchafu ya Che Sufiyani inali itang'ambika. Anastasia anavula mpango wake namanga balalo. Eni ake sankayang'ana magazi. Anali atatambasula manja kutali ndi thupi, ngati kuti si awo. A Lukiya anabwera ndi madzi ndi dothi loyera, nayamba kuwasambitsa manjawo monga mwa Chisilamu.

Elliam anafika atavula nsapato zija, zili m'manja. Anaziika pambali pa Che Sufiyani, nagwada anthu onse akuona.

"Che Sufiyani, lamulo ndinaika ndine, mpata ndasiyanso ndine. Ndakugwiritsani chimene simugwira. Ndikhululukireni, achimwene."