Timizere ta pa Bokosi la Mankhwala

Chivindikiro chachitatu chinatuluka m'makina chili see ngati sopo, ndipo Chitsiriza anachigenda kukhoma.

Panali patatha masiku asanu chiikire bambo ake m'manda. Malemuwo ankapanga tizipangizo tapulasitiki m'kachipinda kakuseri kwa nyumba. Ankajambula chinthu pakompyuta, makina a 3D n'kumachiumba mzere pamwamba pa mzere. Ntchito yomaliza anaisiya isanaumbidwe. Linali bokosi la mankhwala a mkazi wawo, amene shuga anawapha maso zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Pachivindikiro chilichonse anajambulapo timizere totukuka: kamodzi m'mawa, tiwiri masana, titatu madzulo. Zaka zonsezi mapiritsi ankawaikira okha mayiwo m'dzanja.

Pachithunzi timizereto tinalipo. Koma pulogalamu yodula chithunzi m'magawo kuti makina aumbe inkatimeza tonse.

Achimwene ake anaima pakhomo akuseweretsa makiyi.

"Galimoto ndabwereka mpaka mawa basi. Amayi ndikuwatenga."

"Amayi anena kuti nyumba ino sachokamo."

"Ndiye aziwapatsa mankhwala ndani? Iwe Lolemba ukubwerera kuntchito. Akasokoneza mapiritsi, tidzalirenso maliro ena?" Anatola chivindikiro chija n'kuchisisita ndi chala. "Chowapulumutsacho n'chimenechi?"

"Mwafika dzana, lero mukudziwa zonse za m'nyumba muno. Ababa akudwala munali kuti?"

"Iweyo unkadziwa kuti akudwala?"

Chitsiriza nayenso sankadziwa. Bambo awo anabisa matenda miyezi isanu ndi itatu, akuseka pafoni, akufunsa za nsapato za adzukulu. Ana anamva bambowo ali kale m'chipatala, mawu atatha. Chitsiriza anawakwiyira kwambiri bambo ake, ndipo wakufa sukangana naye, choncho mkwiyo wonse unagwera kompyuta.

Anayeza timizere tija. Tinali ta mamilimita 0.3, pamene kamlomo ka makina kotulutsa pulasitiki kanali ka 0.4. Chilichonse chochepa kuposa kamlomo, pulogalamu imachisiya. Anamuphunzitsa zimenezi ndi bambo omwewo. Nanga munthu wa zaka khumi pantchitoyi akanalakwitsa bwanji za mwana wakhanda?

Anaiuza pulogalamu kuti izisunga zopyapyala, zinatuluka zibuluma zodukaduka. Ananenepetsa timizere, koma chivindikiro n'chaching'ono, titatu tija tinagwirana. Atakawapatsa mayi ake chivindikirocho pabalaza, iwo anapapasa n'kupukusa mutu.

"Sindikumva kuti ndi tingati."

Panafunika kamlomo kakang'ono. Chitsiriza anakhuthula madilowa onse, koma anangopeza fumbi. Azakhali anali atasesa m'kachipindamo kuti mugone anthu a pamaliro, ndipo kwa iwo kachitsulo kochepa ngati njere ndi chinyalala. Pabalaza achimwene anali atayamba kulongedza zovala za mayi m'sutikesi.

Apa ndiye Chitsiriza anamasula pakamwa. Anatukwana kompyuta, makina, wopanga pulogalamu ndi makolo ake, tsache la azakhali, ndiponso munthu wosiya ntchito yatheka n'kumakafa osatsanzika.

Mayi anabwera okha, dzanja likutsata khoma. M'nyumba imeneyi sankafuna wowatsogolera, ankadziwa pamene simenti inang'ambika ndi pamene chitseko chimagwira.

"Wayamba kutukwana?"

"Pepani, amayi."

"Ndimadikira zomwezo."

Anatulutsa kampango m'thumba la diresi, n'kumasula mfundo ndi mano. M'katimo munali kamlomo kamkuwa, kolembedwa 0.2.

"Bambo ako anandipatsa tsiku lopita kuchipatala. Anati akakasiya m'dilowa, alongo awo adzakasesa."

"Ndiye masiku onsewa munali nako? Ine ndikuvutika chonchi?"

"Anati ndidikire uyambe kutukwana kompyuta. Akuti usanafike pamenepo sumva za munthu."

Achimwene, amene anali atawatsatira, anaseka kamodzi, kenako anatembenukira kukhoma.

Chitsiriza anamanga kamlomo kaja pamakina. Atadulanso chithunzi, timizere tonse tinaonekera. Kamlomo kakang'ono kamayenda pang'onopang'ono, moti makina anadya masana onse.

Mayi anayendetsa chala pazivindikiro zitatu zidakali zofunda.

"M'mawa. Masana. Madzulo." Anabwerezanso atazisokoneza okha, osaphonya. "Kukula kwa timizere bambo anu anayeza pachala changa chomwechi, ndi singano. Iwe wamkulu, kabweze galimoto ya eni."

Kenako anatambasula dzanja kuti Chitsiriza aikemo kamlomo kakale ka 0.4. Anakamanga m'kampango kaja, mfundo ziwiri, monga momwe mwamuna wawo anamangira.