Nkhwangwa Yopanda Mpini

"Suti iyi ndiye yoyenera," anatero Agnes, akuisasa fumbi. "Kumudzi akadziwe kuti adadi anali munthu."

Mayi ake, a Selina, anangomuyang'ana. Panali patapita masiku anayi chiikireni mwamuna wawo, a Tobias, m'manda a ku Hamilton, ku Canada, m'dzenje lokumbidwa ndi makina. Loweruka likudzalo a Lameck, msuweni wa malemu, ankayenera kukwera ndege ya kwawo, ndipo anavomera kunyamula chinthu chimodzi choti abale ku Ntcheu akakwirire m'malo mwa mtembo.

"Suti ankavala kawiri pachaka, akudandaula," anatero a Selina. "Tiye kugalaja."

Agnes ankadana nayo galajayo. Anabwera ku Canada ali wamng'ono, ndipo anakula akuchita manyazi ndi phokoso la nyundo. Bambo ake akangoweruka kuchipatala, kumene ankakankha mabedi a odwala, ankakoleza makala n'kuyamba kusula tinkhwangwa toponya, timene azungu ena ankakonda kulasira chipika. Thunthu la kankhwangwa ankalipanga popinda chitsulo chofewa, kukamwa kwake n'kulowetsako chidutswa cha tupa wakale. Ankati chofewa chimapirira, cholimba chimadula. Anthu oyandikana nawo anadandaula za phokosolo mpaka kutopa.

Tinkhwangwato tinali pa alumali, tisanu ndi tinayi, tonse ndi bowo lolowetsa mpini. A Selina sanatikhudze. Anagwada movutikira n'kutulutsa kansanza kamafuta pansi pa tebulo. Munali nkhwangwa yakuda, yopanda bowo, yokhala ndi mchira wosongoka.

"Iyi analakwitsa?" anafunsa Agnes.

"Iyi ndiye yakwathu. Mchirawu umautentha, n'kuukhomera pamutu pa mpini. Anaisula chaka chimene tinafika, monga ankasulira agogo ako. Zaka zonsezi akhala akuzungulira m'nkhalango za kuno kufuna mtengo wa mfundo yabwino. Uliwonse ankati ndi wowongoka ngati pensulo." Anaseka, misozi ili mbwembwembwe. "Mwezi ndi mwezi ankaipaka mafuta. Ati mpini wake uli kwathu."

Agnes anailandira. Inali yolemera, ndipo mtima unamuwawa kuti sanafunsepo.

A Lameck atabwera kudzatenga katunduyo, anati, "Musadere nkhawa, alamu. Tikaikwirira pafupi ndi bambo awo."

"Ayi, ankolo," anatero Agnes, m'Chichewa chake chopunduka. "Musakakwirire. Mukapeze mtengo. Mukaike mpini, munthu azikadulira nkhuni."